Tisaiŵale Kulemba Tinthu Totikondweretsa

(Mau amene Mlembi wa Mvano adayankhula pa tsiku la chikondwerero chathu)

 Tikuthokoza kuti mwatipatsa mpata woyankhula pa tsiku lalikulu ngati lino. Ife sukulu sitidapite nayo patali, tidalekezera ku pulaimale. Choncho pamene lilime lipunthwe mutikhululukire.

Zimene tidapeza m'mabuku a mlembi

Pokonzekera chikondwerero chino, komiti idatituma kuti tiŵerenge mabuku onse a maminitsi, kuyambira akale mpaka amene tikulembamo lero. Tidawatulutsa m'bokosi ndi kuwakuntha fumbi. Ena njenjete zidadya m'mphepete. Tidakhala nawo pakhonde masiku angapo, ndipo tidaona malembedwe a alembi anzathu amene adatisiya kale.

M'mabukumo muli ntchito yaikulu. Muli maina a odwala amene adayenderedwa, maliro amene amayi adagonera, ufa ndi nkhuni zimene adasonkha, zopereka za mwezi ndi mwezi, ndi ngongole za yunifolomu. Zonsezi nzoyenera kulembedwa, ndipo tipitirizabe kuzilemba. Koma titatseka buku lomaliza, mtima wathu udatsala ndi funso. Amayi ameneŵa ife tinkawadziŵa. Anali anthu oseka. Tikukumbukira mmene ankasekera pophika nsima ya misonkhano, utsi uli m'maso. Tikukumbukira mayi wina amene nthungululu yake inkamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Nanga bwanji m'mabuku monsemu mulibe ngakhale mzere umodzi wonena za kuseka kwawo? Mdzukulu wathu akadzawaŵerenga adzati agogo aja ankangokhalira kulira.

Cholakwacho nchathu tomwe, pakuti nafenso talemba chimodzimodzi zaka zonsezi. Ndiponso si m'mabuku mokha. Tikakumana pa mjigo kapena ku chigayo, nkhani yoyamba imakhala ya kukwera mtengo kwa feteleza, ya msana woŵaŵa, ya mwana wosamvera. Mavuto timawaŵerenga bwino, osaphonya ngakhale limodzi. Koma kanthu kamene kadatiseketsa dzulo m'maŵa, pofika lero takaiŵala kale. Nchifukwa chake tasankha kuyankhula za kuona tinthu tating'ono totikondweretsa tsiku ndi tsiku, ndi kutisunga m'ndakatulo zazifupi.

Kupeka si kwachilendo kwa ife

Mwina ena mwayamba kale kunena mumtima kuti ndakatulo nza anthu ophunzira. Taganizani za amayi athu pamtondo. Ambiri a iwo sadaloŵepo m'kalasi, koma ankapeka nyimbo pomwepo, munsi uli m'manja. Mizere inali iŵiri kapena itatu basi, koma mudzi wonse unkamva kuti kunyumba kwa uje zinthu sizili bwino. Ankapekanso nyimbo zotonthoza mwana kumsana ndi zolimira kumunda. Luso limeneli lili m'magazi mwathu. Chokhacho nchakuti nyimbo zambiri za pamtondo zinali za madandaulo: za mwamuna woledzera, za apongozi ovuta, za mkazi mnzake. Ndipo chibwerereni zigayo, ngakhale nyimbo zomwezo zikusoŵa pozimvera. Chimene tikupempha lero nchakuti luso lomwelo tiligwiritsenso ntchito pa zinthu zokoma.

Bambo wina wa ku Japan

Tidakamba nkhaniyi ndi mwana wathu wamkazi amene ndi mphunzitsi. Iye adatiuza za bambo wina wa dziko la Japan amene adachita zomwezi kalekale. Tidampempha kuti atifotokozere pang'onopang'ono, ife tikulemba, kuti tidzakuuzeni bwino.

Japan ndi dziko la zilumba, kutali kum'maŵa, kupitirira China. Chakudya chawo chenicheni ndi mpunga, monga ilili nsima kwa ife. Bamboyu dzina lake anali Tachibana Akemi. Adabadwa m'chaka cha 1812 mu mzinda wa Fukui, ndipo adamwalira m'chaka cha 1868. Ndiye kuti pamene David Livingstone ankafika ku Nyanja ya Malaŵi m'chaka cha 1859, bamboyu anali moyo kwawoko, ali wachikulire.

Adabadwira m'banja la amalonda amene anali ndi sitolo yogulitsa mapepala ndi inki. Amayi ake adamwalira iye ali wamng'ono kwambiri, ndipo bambo ake adamwalira iye ali mnyamata. Atakula adasiyira mng'ono wake sitolo ija, iye nadzipereka pa kuŵerenga mabuku akale a kwawo ndi kulemba ndakatulo. Kuyambira pamenepo adakhala moyo waumphaŵi pamodzi ndi mkazi wake ndi ana. Nyumba yake adaitcha Waraya, kutanthauza nyumba ya udzu. Kumbukiraninso kuti ku Fukui kumazizira koopsa, ndipo nyengo yachisanu kumagwa chipale chofeŵa chambiri.

Pali chinthu china chimene chidatikhudza ife monga amayi. Banjali lidaika m'manda ana aakazi ali aang'ono. Mmodzi mwa iwo adamwalira ndi nthomba atayamba kale kuyenda ndi kuyankhula. Ambiri a ife achikulire tili ndi chipsera cha katemera wa nthomba pamkono, ndipo tikudziŵa kuti nthendayi idalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse m'chaka cha 1980. Masiku a bamboyu inali ikupha ana ambirimbiri. Choncho munthu amene tikunenayu umasiye ankaudziŵa, umphaŵi ankaudziŵa, ndipo maliro a mwana adawalirapo.

Munthu yemweyu ndiye adalemba ndakatulo zazifupi 52 zimene amazitcha Dokurakugin, kutanthauza ndakatulo za munthu amene akukondwa payekha. Zonse 52 zimayamba ndi liu limodzi la Chijapani lotanthauza chikondwerero, ndipo iliyonse imanena za kamphindi kamodzi kamene kadamsangalatsa. Mukafuna kudziŵa zimene adalembamo, nzomwe zili m'nyumba zathu zomwe: chakudya, moto wa makala, mlendo, buku, tulo, mkazi wake ndi ana ake. Za chuma ndi maudindo sadazifune. M'chaka cha 1865 mfumu yakale ya dera la Fukui, Matsudaira Shungaku, idapita yokha kukamuona ku nyumba yake ya udzu ija. Pambuyo pake idamuitana kuti azikaphunzitsa ku likulu lake, koma iye adakana mwaulemu, nakhalabe pakhomo pake.

Atamwalira, mwana wake wamwamuna adasonkhanitsa ndakatulo za bambo ake ndi kuzisindikiza m'buku m'chaka cha 1878. M'chaka cha 1899 mlakatuli wina wotchuka, Masaoka Shiki, adalemba zomuyamikira kwambiri, ndipo anthu ambiri a ku Japan adayamba kumdziŵa. Patapita zaka zina zambiri, m'chaka cha 1994, mfumu ya dziko la Japan, Akihito, idapita kukacheza ku America. Poilandira ku Washington, Pulezidenti Bill Clinton adalakatula imodzi mwa ndakatulo 52 zija, yonena za duŵa. Anthu a ku Fukui adakondwa kwambiri. Mzindawo udayamba kuchititsa mpikisano woti anthu wamba azilemba ndakatulo za zokondweretsa zawo, ndipo m'chaka cha 2000 adatsegula nyumba yosungiramo mbiri ndi zolemba zake.

Amayi, taonani. Kanthu kamene bambo wosauka adaona pakhomo pake kadakhala zaka zoposa 100, mpaka kukamveka pamaso pa mafumu. Kadakhalitsa chifukwa adakalemba, ndiponso chifukwa mwana wake adasunga mapepalawo.

Mmene ndakatulozi zimapangidwira

Mtundu wa ndakatulo umene iye ankalemba umatchedwa tanka. Ndakatulo yonse imakhala ndi maphatikizo 31, ogaŵidwa m'magawo asanu motere: 5, 7, 5, 7, 7. Maphatikizo tonse tidawaphunzira ku Sitandade 1, pamene aphunzitsi ankatiimbitsa kuti ba, be, bi, bo, bu. Mwana wathu uja adationetsa kuti Chijapani ndi Chicheŵa zimafanana pa chinthu chimodzi: maphatikizo ake ambiri amathera pa a, e, i, o, u. Tamverani: Fu-ku-i. A-ke-mi. Nsi-ma. Ma-lu-ŵa. Nchifukwa chake kuŵerenga maphatikizo m'chinenero chathu sikuvuta, mungoŵerenga ndi zala.

Ife tidayesako imodzi, ndipo idatitengera madzulo aŵiri. Nayi:

Mvula yoyamba
yatipeza kumunda.
Fungo la dothi!
Agogo sakuthaŵa,
angoima naseka.

Mukaŵerenga ndi zala mupeza 5, 7, 5, 7, 7. Koma tisakunamizeni, kuŵerengaku si lamulo kwa ife. Amene akukonda ayese, pakuti kumathandiza kutaya mau osafunika. Amene kukumvuta angolemba mizere iŵiri, itatu kapena inai. Chofunika nchakuti ikhale yaifupi, ndipo inene chinthu chimodzi chimene mwaona ndi maso anu kapena kumva ndi makutu anu.

Zimene amayi anzathu adalemba

Tisanabwere pano tidayamba tayesa ndi amayi oŵerengeka a m'dera lathu. Tidagwirizana kuti kwa mwezi umodzi aliyense aziyang'ana kanthu kamodzi patsiku. Sabata yoyamba idavuta. Mayi wina adabwera ndi pepala lopanda kanthu, nati, "Amayi Mlembi, kwathu kulibe chosangalatsa, mukudziŵa nokha." Tidangoti ayesenso. Sabata yachiŵiri adabwera ndi mizere iyi:

Thadzi lija tinkati lagwidwa ndi vumbwe
latulukira kuseri kwa nkhokwe,
anapiye asanu ndi aŵiri pambuyo.

Poŵerenga adaseka yekha, ife tonse nkuseka naye. Adatiuza kuti pakadapanda pepalalo, akadangoti "nkhuku yabwera" nkupitiriza kusesa.

Mayi wina mwana wake adadwala malungo. Atachira adalemba kuti:

Masiku anai osalaŵa kanthu.
Lero wakwinya nkhope,
akuti phala lachepa shuga.

Mayi aliyense amene adagonerapo mwana m'chipatala akudziŵa kukoma kwa dandaulo limeneli. Ndakatuloyi sidatchule mau akuti chimwemwe ngakhale kamodzi, koma tonse tidachimva.

Wina, amene wakhala pabanja zaka zambiri, adalemba za bambo a kunyumba kwake:

Abwera ndi usipa m'kapepala
popanda kuwatuma.
Akuti adangoona kuti ngwabwino.

Azibambo amene muli kumbuyoko mwamva. Tinthu timene mumachita timaoneka, ngakhale sitinena.

Yomaliza adalemba ndi mayi wamasiye. Iye kulemba sadziŵa, choncho adanena pakamwa, mdzukulu wake nkulemba:

Jekete la malemu
lamkwana mdzukulu.
Ndi kayendedwe komwe nkomweko.

Itaŵerengedwa imeneyi tidakhala chete kanthaŵi. Mayiyo misozi inali m'maso, koma ankamwetulira. Adati chimwalirire bambo aja jeketelo linkangokhala m'sutikesi, ndipo ankaopa kuliyang'ana.

Kodi kumeneku si kubisa mavuto?

Funso limeneli lidafunsidwa, ndipo nloyenera. Mayi wina adati, "Kodi tizilemba za anapiye pamene m'nkhokwe mulibe chimanga?" Pakati pathu pano pali amene adataya abale, nyumba ndi minda pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, pamene madzi ndi matope zidatsika m'mapiri ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Munthu wotere sitingamuuze kuti angoseka. Ndakatulo sigula feteleza, ndipo silipira fizi ya mwana.

Yankho lathu ndi ili. Bambo wa ku Fukui uja ndakatulo zake sizidachotse umphaŵi wake, ndipo sizidabweze ana ake. Iye sadabise kuti ngwosauka, pakuti umphaŵiwo umaonekera m'ndakatulo momwemo. Munthu amene sadasoŵepo chakudya sangakondwe poona mpunga m'nyumba. Chimodzimodzi mayi wa phala uja: mzere wake woyamba ukunena za masiku anai a nkhaŵa. Mayi wa jekete sadaiŵale kuti ngwamasiye. Vuto lili pomwepo, koma pambali pake pali kanthu kena kamene nakonso nkoona. Tikalemba mavuto okha, tanena theka la moyo wathu. Ndipo mayi amene amangoona theka loŵaŵalo amatopa msanga, nkhope imauma, ana nkumamuopa. Ife amene timayendera odwala ndi ofedwa tiyenera kukhala ndi kanthu kowatengera kuposa nkhani za mavuto athu.

Tinenenso kuti amene chilonda chake chikadali chachiŵisi tisamkakamize. Nthaŵi yake idzafika yokha. Ntchito yathu nkukhala naye pafupi.

Tingayambe bwanji?

Choyamba, tidekhe. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Tinthu timeneti sitifuula. Timabwera pamene mukuyatsa moto m'maŵa, pamene mukuthyola nkhwani, pamene mwana akubwera kusukulu akuimba yekha panjira. Imani kamphindi, muyang'ane.

Chachiŵiri, tilembe tsiku lomwelo. Mukati ndilemba maŵa, mupeza kathaŵa. Kope la ana asukulu ndi pensulo nzokwanira. Muliike pamalo pamene mumaliona, monga pafupi ndi chitini cha mchere. Amene muli ndi foni mungathe kulembamo, koma foni imatayika ndi kuonongeka, choncho muzikoperanso m'kope.

Chachitatu, titchule chinthucho ndi dzina lake. Musalembe kuti "lero ndakondwa kwambiri," pakuti chaka chamaŵa simudzadziŵa chimene chidakukondweretsani. Lembani kuti mango a pa mtengo wa kuseri ayamba kupsa. Lembani kuti khanda lagwira chala chanu osafuna kuchisiya. Ndiwo zikakoma, nenani kuti zinali chisoso chotendera.

Chachinai, tisatalikitse, ndipo tisaikemo ulaliki kumapeto. Mukanena chimene mwaona, lekerani pomwepo. Womva adzamva yekha.

Chachisanu, amene sadziŵa kulemba asadzione ngati watsalira. Anene pakamwa, mwana kapena mdzukulu alembe, monga adachitira mayi wa jekete uja. Potero mwanayo aphunzira kumvetsera agogo ake, ndiponso aphunzira kulemba Chicheŵa chabwino.

Chachisanu ndi chimodzi, tisapikisane ndiponso tisasekane. Zimene talemba si mayeso. Ndiponso tisalembe zonyoza mnzathu kapena zoulula zinsinsi za m'nyumba. Za miseche zili ndi malo ambiri kale, m'kope ili zisaloŵemo.

Pempho lathu

Amayi a Pampando, ife monga mlembi tikupempha chinthu chimodzi. Mutilole tigule buku lachiŵiri, loti lizikhala pambali pa buku la maminitsi. Pa msonkhano uliwonse, tikatha kumva za odwala ndi za zopereka, amayi aŵiri kapena atatu aziŵerenga timizere tawo, ife nkulemba m'bukumo pamodzi ndi tsiku lake. Sizitenga mphindi zoposa zisanu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Bambo uja adalemba 52, ndipo chaka chili ndi masabata 52. Mayi mmodzi akamalemba kamodzi pa sabata, pakutha pa chaka adzakhala atafanana naye.

Inu ana athu, tili ndi pempho kwa inunso. Makope ameneŵa mukadzawapeza m'sutikesi ife titapita, musadzayatsire moto kapena kukulungira mandasi. Ndakatulo za bambo wa ku Fukui zidatifika chifukwa mwana wake adazisamala. Mudzasamale zathunso, kuti mudzadziŵe kuti amayi anu, pakati pa kusenza madzi ndi kugonera maliro, ankaonanso anapiye, ankamva fungo la mvula, ndipo ankakondwa nanu.

Lero lomwe lino tingathe kuyamba. Pamene tikudya nsima ya chikondwerero, aliyense ayang'ane kanthu kamodzi koti akalembe madzulo ano. Ife tapeza kale kathu pamene timaloŵa m'maŵa muja:

Duku loyera lapendekeka.
Mnzake walikonza kumbuyo,
mwini wake osadziŵa.